Muwawani wa pa Chulu

Mundikhululukire inu owerenga. Sukulu yanga inathera Giredi 9 ya kumudzi, ndipo nkhani ya mitengo ndi mankhwala ili ndi eni ake ophunzira. Ndangolimba mtima chifukwa anthu awiri amene ankaidziwa pakhomo pathu sanasiye mawu papepala.

Woyamba anali amayi. Anasamukira ku Rufunsa kuchokera ku Petauke ine ndisanabadwe, akudziwa kale mizu ndi makungwa. Sanali sing'anga, ankangothandiza ana a anansi akatsegula m'mimba. Lamulo lawo linali limodzi: khungwa umasenda pang'ono kum'mawa kwa mtengo, pang'ono kumadzulo, kenako umamata balalo ndi dothi. Kuzungulira thunthu lonse ayi.

Wachiwiri anali alongo anga, mwana woyamba, wamwamuna, amene ankaphunzira ukilinikolo ofesa, ntchito ya zachipatala, ku Lusaka. Akabwera pa holide sankachedwa kuputana ndi amayi.

"Ba Dokota, mapilisi anu aja amamera pati?"

"Ena pamtengo, amayi. Kwinini ndi khungwa ndithu, koma lopimidwa. Inu muyeso wanu ndi dzanja."

"Dzanja lomwelo ndi limene linakulera iwe."

M'nyengo yozizira ya 1994 alongo anatsika minibasi pamsewu waukulu, isali holide. Ndinakawachingamira ndi njinga. Lamba wawo anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali. Anati adzapuma mwezi umodzi, kenako abwerera kukatsiriza chaka chomaliza. Chaka chimenecho tinkachiyembekeza tonse. Amayi anali atasunga kale m'sutikesi chitenje chatsopano chokavala pa tsiku lotsiriza maphunziro.

Kuchipatala ku Mpanshya anawapatsa mankhwala a chifuwa, ndipo ankamwa osadumphitsa. Amayi anawonjezapo muwawani. Mtengowo unali pa chulu kuseri kwa munda wathu wa chimanga, umodzi wokha, chifukwa tchire lapafupi linali litapita ndi owotcha makala. Amayi ankasenda, ine ndikulandira m'beseni.

Alongo ankamwa madzi ake atatsinzina. "Amene anautcha dzina mtengowu sananame," ankatero, amayi nkuseka. Tsiku lina amayi atapita kudimba, anandipatsa kapu nati, "Ichi chili mwa ine ndachiona m'mawodi a kuchipatala, mlongo wanga. Muwawani sungachithe. Koma usawauze amayi, uwasiye aziwiritsa." Ndinayankha kuti inde.

Pasanapite nthawi, tili pa chulu, amayi analankhula osandiyang'ana. "Khungwa ili ndi la malungo ndi m'mimba. Matenda a alongo ako ndi ena. Usakanene, akamamwa amalimba mtima." Ndinayankhanso kuti inde. Ndinali mtsikana wosadziwa kukana, ndipo mawu a onse awiri ndinawasunga.

Mwezi umodzi uja unatha, inathanso ina. Muwawani unachita maluwa achikasu nthawi yotentha. Pofika mvula, kum'mawa ndi kumadzulo kunalibenso posenda, mabala asanapole. Amayi anasenda kumpoto. Kunatsala kamzere kamodzi kolumikiza khungwa la pamwamba ndi la pansi. Tsiku limene anaikapo kasemasema ndinanong'ona, "Amayi, nanga lamulo lija?"

"Gwira beseni."

Chimanga chitamasula, alongo anapempha kuti akaone munda. Ndinawakweza panjinga ndikukankha, anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Anaona thunthu loyera kuzungulira konse. Ine ndinafuna kuwateteza amayi.

"Onani masamba, alongo. Sunafe."

"Madzi amakwera cham'kati, nchifukwa chake ukadali wobiriwira. Koma chakudya chimatsikira m'khungwa kuchoka kumasamba kupita kumizu. Njirayo yadulidwa. Mizu ikudya zimene inasunga." Anapuma pang'ono. "Phunziro limeneli la ku sekondale ndi limene linandikokera ku zachipatala. Ndinkati ndidzabwera kudzapima makungwa a amayi limodzi limodzi."

"Ndiye ukhala mpaka liti?"

"Dzinja lino ungalione."

Anatsika, anatapa dothi lonyowa la pa chulu, nayamba kumata thunthulo. Ndinawathandiza. Tinamata mpaka pamene dzanja lawo linkafika.

Titafika kunyumba, amayi anaona dothi m'manja mwathu ndipo sanafunse. Alongo anakhala pamphasa nati, "Amayi, ku Lusaka sindibwererako."

"Ndamva, mwanawe."

"Chitenje chija muzivala."

"Usandilamule, sunakhale dokota."

Onse awiri anaseka, ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. M'mawa mwake amayi anawiritsa makungwa ouma amene anatsala, alongo namwa mpaka kapu kuuma. Zinapitirira choncho, koma tsopano panalibenso wondiuza kuti ndisanene.

Chitenje chija amayi sanachivale. Anachitulutsa m'sutikesi nachifunditsa alongo masiku amene ankamva kuzizira masana. Muwawani unauma chilimwe chotsatira, ndipo nkhuni zake palibe anazitola. Koma m'mawa umene alongo anatisiya, pamene ndinathamanga kudutsa pa chulu kukaitana amayi kutchalitchi, unali ukadali ndi masamba ake onse. Ndinawapeza akutuluka, phulusa lili pamphumi. Atandiona anangomanga mpango wawo nanditsata.

Linali Lachitatu la Phulusa, pa 1 Malichi 1995.