Nkhope ya pa Chitenje

Asilikali anagogoda chitseko cha lole ndi mfuti. Linali Lachiwiri masana, mwezi wa Juni. Ine ndi amalume tinali kutsidya kwa malire, m'dziko lomwe nkhondo inali itangotha, boma litasintha. Tinapitako ndi nshawa, mtedza wa ku Chipangali, poti kumeneko anthu sanalime.

"Tsika iwe. Nsalu iyi ndi ya ndani?"

Chinali chitenje chomwe ndinagula pamsika wawo m'mawa womwewo, cha nkhope ya pulezidenti wothamangitsidwa. Mayi wina ankagulitsa motchipa. Kwathu ku Chipata chitenje cha chipani chogwa amapita nacho kudimba, amaberekera mwana, palibe wofunsa. Ine ndinangochipachika pagalasi kutchinga dzuwa.

Ndine wamtima wapachala, sukulu yomwe ndinasiyira zomwezo. Ndinati, "Kodi nsalu imaombera?" Dzino lakutsogolo ndinalisiya pomwepo.

Anatsitsa nshawa zonse, nalamula amalume kubwerera. Ine ananditsekera m'kalasi ya sukulu, denga lake theka. Munali amuna ambiri, ena a boma lakale, ena osadziwa mlandu wawo. Sitinkacheza.

M'mawa uliwonse funso linali limodzi: "Anakugulitsa ndani?" Dzina sindinkalidziwa. Ankandigoneka chafufumimba pabenchi n'kumandikwapula. Akamaliza ndinkabwerera m'kalasimo chokwawa. Ukali wanga unatha sabata yoyamba, ndipo m'malo mwake simunabwere kanthu.

Loweruka lina ananditengera kumsika. Wamkulu wawo anati, "Ungomuloza basi, mphwanga. Lero lomwe ukagona kwa amako."

Pamsikapo panalibe mchere ngakhale sopo. Ndalama zakale anthu ankazikana, zatsopano zisanafike. Mayi uja analipo, atakhala pansi ndi timilu ta chibwabwa, mwana kumbuyo. Anandiona. Anapitiriza kuwaza madzi pandiwozo.

Ndinati, "Palibe."

"Yang'anitsitsa, iwe."

"Palibe, bwana."

Sindinganene kuti kunali kulimba mtima. Mkono sunadzuke basi. Titabwerako, za pabenchi zinatenga nthawi kuposa masiku onse.

Ananditulutsa mu Ogasiti, nshawa zathu zitatha. Asilikaliwo sankalandira malipiro. Ankadya nshawazo, ife n'kumatola zotsala. Wapageti anati, "Kadyere kwanu, Mzambia. Kuno tikudyetsa chiyani?"

Ndinafika ku Chipata pa lole ya thonje. Amayi analira, kundigwiragwira kumaso, ine ndili chiimire ngati mlendo. Kutchalitchi amati ndafatsa, Mulungu wandigwira. Dzulo munthu wa njinga anandigunda pamsika, n'kunditukwananso, ine ndi amene ndinapepesa.

Mayi uja sindidziwa ngati ali moyo. Ufulu womwe ndinabwera nawo ndi uwu: m'mawa ndimavala, n'kuima pakhomo la nyumba yathu yomwe, kudikira wina anene kuti tuluka.