Zotsala M'mbale

Zinayamba m'dzinja la 1987, Lachiwiri pa 3 Febuluwale, kunja kuli mvumbi. Tsiku limenelo mayi wa ana awiri, wongoferedwa kumene mwamuna, analowera khomo la kumbuyo la lesitilanti ya pakona, yoyang'anana ndi shopu ya telala. Ntchito yotsuka mbale anawapezera ndi mlamu wawo, yemwe anali khukhi pamalopo. Sabata isanathe, aliyense ankangowatchula kuti Amayi a Mbale.

Malo awo anali kachipinda ka sinki ya simenti, mabeseni awiri, ndi kawindo kotulukira kukhitchini. Amayiwa sankawaona anthu odya, ankangoona mbale zawo. Koma mbale iliyonse, asanaiviike m'madzi, ankayamba aiyang'ana. Mpunga ukakankhidwira m'mphepete, ndiye kuti sunapse. Nyama ikalumidwa kamodzi n'kusiyidwa, yalimba. Msuzi ukatsala koma kapu ya madzi itauma gwaa, mchere wapyola.

"Alamu!" ankafuula pakawindo paja. "Mcherewu akupatsani waulere kodi?"

"Tsukani mbale inu, za m'poto zikukukhudzani pati?" khukhi ankayankha. Posakhalitsa ankamveka akuthira madzi otentha mumsuzi.

Bamboyo anali ndi lamulo limodzi: m'poto wake simulowa sipuni ya munthu wina, ngakhale ya mwini lesitilanti.

Mu Ogasiti 2006 khukhi anadwala milungu itatu. Atabwerera, anaima pafupi ndi sinki nthawi yaitali, akupukuta manja ouma kale.

"Mlamu, lilime lafa," ananong'ona. "Mchere, shuga, zonse ngati madzi. Musauze munthu."

Amayi sanauze munthu. Kuyambira pamenepo, mbale zitatu zoyamba kubwerera masana zinasanduka lilime la khukhi. Amayi ankaziyang'ana, n'kuponya mawu pakawindo ngati nthabwala za paulamu, iye n'kukonza. Telala wa kutsidya, yemwe ankafika woyamba tsiku lililonse, anadya zoyesera zaka ziwiri ndi theka osadziwa.

Lolemba pa 2 Malichi 2009, mwini lesitilanti anasiyira malowo mwana wake wamkazi, wophunzira ndi wokonda ukhondo. Abwana atsopanowo anaika ndowa yotsekera pakhomo la khitchini, nalamula kuti operekera zakudya azikokolera zotsala mmenemo. Lamulolo linali labwino ndithu, ntchentche zinatha. Koma mbale zinayamba kufika pasinki zopanda mawu.

Anthu a m'derali sadandaula. Ukawafunsa amati zakoma, mawa lake sabweranso. Pofika Epulo, matebulo atatu mwa asanu ndi atatu ankakhala opanda munthu, ndipo telala anayamba kubwera ndi chakudya cha kunyumba. Abwana anaganiza kuti vuto ndi mayi woperekera zakudya, poti sankamwetulira kawirikawiri, ndipo anamuuza kuti mwezi ukatha asabwerenso.

Amayi a Mbale anakhala nazo mumtima masiku anayi. Akakhala chete, munthu wosalakwa achotsedwa. Akalankhula, avula mlamu amene anawatola ali paumasiye. Pa 20 Epulo m'mawa analowa kukhitchini, sipuni ili m'manja.

"Alamu, lero ndilawa."

"M'poto mwanga?"

"Mwanu momwemo. Apo ayi, mukauze abwana nokha. Mnzathu uja asafere lilime lanu."

Khukhi anayang'ana sipuniyo, kenaka anavundukula poto. Amayi analawa, nkhope n'kukwinyika.

"Ambuye! Izi ndi zimene takhala tikudyetsa anthu?"

Bamboyo anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Anavula epuloni, napita yekha kukagogoda kwa abwana. Woperekera zakudya uja anatsala pantchito. Khukhi anapuma pantchito pa 30 Epulo, mwaulemu, atagwira chitseko ndi dzanja lake ngati wotsanzika munthu. Pomaliza anaima pakawindo.

"Mwandichotsa ntchito, mlamu."

"Ndinachedwa. Ndikanakuchotsani kalekale," anayankha Amayi, osatembenuka, chifukwa m'maso munali mutadzaza misozi.

Tsiku lotsatira abwana anabwera pasinki, atapinda mikono ya bulauzi.

"Mayi, ndionetseni zimene mumaona."

Ndowa ija anaisamutsira pafupi ndi sinki. Kwa miyezi iwiri, masana aliwonse, abwana ankaima pambali pa Amayi, n'kumaphunzira chinenero cha mpunga wokankhidwa ndi kapu youma. Khukhi watsopano anauzidwa tsiku loyamba kuti mawu ochokera pakawindo sayankhidwa mwano. Telala anabwerera mu Juni, ndipo mbale yake inafika itanyambitidwa.

Amayi anaiona, koma anayamba ndi abwana kunena kuti, "Lero zapsa bwino." Apo Amayi anadziwa kuti pasinkipo pali maso ena, ndipo msana wawo, umene unali utawawa zaka zambiri, ungathe kupuma. Anatsuka beseni, nalivundikira, natulukira komaliza khomo lomwe analowera, Lachiwiri pa 30 Juni 2009.