Denga limene ndinajambula

Ntchito ya uphunzitsi sindinaifune, inandipeza ine. Titathawa nkhondo kwathu ku Ntengo-Wambalame tinakafikira ku Furancungo, kumene amalume ankasesa m'maofesi a boma. Aphunzitsi enieni anali atathawira ku Malawi chifukwa ndiwo ankasakidwa kwambiri. Amalume anauza a diretolo, akulu a shikola, ndiye sukulu, kuti ali ndi mwana wa mlongo wawo wodziwa Chipwitikizi. Mawa lake anandipatsa kwadulo, bolodi lakuda lija, zidutswa za jizi, ndiye choko, ndi kaneta yofiira, cholembera chochongera. Kanetayo ndinkaikoleka pathumba la malaya kuti aliyense aione.

Aphunzitsi tinali awiri pansi pa mitengo ya bulugama. Ine ndinkaphunzitsa kuwerenga ndi masamu. Mnzanga anali a Naphiri, mayi woumba mbiya, amene Chipwitikizi chawo chinali chothyokathyoka. Iwo ankayamba ndi kukhazika ana pansi, manja pamaondo, aliyense kumvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka kakhumi. Akatero ankagawa makala ndi mapepala a matumba a simenti, ana n'kumajambula zimene akufuna. Sankafunsa kuti wajambula chiyani, sankachonganso.

Ine ndinkati ndi ulesi. Koma ana akandiona ankakhala chete ngati aona msilikali, pamene a Naphiri ankawathamangira kukawalandira mtanga. Zinkandiwawa. Ndinaphunzira ndine, kaneta ndinali nayo ndine, koma chikondi chonse chinkapita kwa mayi wosadziwa n'komwe kulemba deti pakwadulo. Nsanje yanga inali yoti ndikamva kuseka kuchokera kumtengo kwawo, ndinkakweza mawu dala.

Panali mtsikana wina, Esinati, wochokera ku Chidzolomondo. Ankakhala ndi azakhali ake, ndipo chifikireni sanayankhulepo ndi munthu. Azakhaliwo ankafuna kumuchotsa kuti azikawathandiza kumunda, poti ankati mwana wosayankhula shikola ilibe naye ntchito. A Naphiri anawapempha kuti adikire mpaka mvula. Ine mumtima ndinatsimikiza kuti mawu oyamba a Esinati adzawanena kwa ine, a diretolo aone kuti mphunzitsi ndani.

Mwayi unapezeka a Naphiri atadwala malungo. Ndinatenga ana awo. Zokhala chete zija ndinazidumpha, ndinangogawa makala n'kulamula kuti aliyense ajambule nyumba yakwawo. Atamaliza ndinayenda mzere ndi mzere ndikuchonga. Esinati anajambula bwino kuposa onse: zipupa, khomo, nkhokwe, ngakhale mtondo. Koma nyumbayo inalibe denga. Ndinamufunsa m'Chipwitikizi, kenako m'Chichewa, kuti denga lili kuti. Sanayankhe. Ndinagwada, n'kumujambulira denga lokongola la udzu ndi kaneta yanga yofiira, ndikuganiza kuti athokoza.

Anayang'ana mizere yofiirayo pamwamba pa nyumba yawo. Kenako anadzuka n'kumapita osathamanga. Mawa lake sanabwere, mkuja wakenso ayi. Azakhali ake anatumiza mawu kuti basi, wayamba kulima.

A Naphiri atachira ndinawaonetsa pepalalo, ndikudziikira kumbuyo kuti ndinkangothandiza. Analiyang'ana n'kunena kuti:

"A pulofesolo, denga limeneli linapsa iye akuona, amayi ake ali m'kati. Wajambula nyumba imeneyi kambirimbiri, ndipo sanaiwale denga. Inu mwamuikira moto."

Ndinasowa polowa. Ndinkadikira kuti akandinenere kwa a diretolo, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anangondiuza kuti ndinyamule makala tipite kumunda kwa azakhali aja. Panjira anandilangiza kuti ndikakafika ndisakapepese, ndisakafunse kanthu, ndikangokhala.

Tinamupeza Esinati akupalira nyemba za m'dimba. Tinakhala pamzere m'mphepete mwa munda, a Naphiri n'kuika pepala latsopano pansi, mwala pamwamba. Kukhala chete kunandivuta kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo. Pakamwa pankandiyabwa kuti ndifotokoze kuti sindinkadziwa. Ndinamvetsera mpweya wanga monga ana aja, ndipo koyamba ndinaganizira za mwanayo osati za ine. Tinapitako masiku anayi. Tsiku lachinayi anasiya khasu, anajambula nyumba ija yopanda denga, n'kuikankhira kwa ine. Ndinailandira ndi manja awiri, osaonjezerapo kanthu.

Anabwerera kushikola mvula isanagwe. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti chimene mwana wasiya pachithunzi amakhala wachisiya akudziwa, ndipo zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinachongenso chojambula cha mwana.

Esinati anadzayankhula patapita miyezi. Ndinali pafupi, ndinamva ndi makutu anga. Anakoka chitenje cha a Naphiri n'kunena kuti, "Amayi, makala atha." Ndinasangalala, sindinama. Koma mpaka lero, ndi imvi zangazi, ndimalakalakabe akanandiuza ine.