Kompyuta ya Nicolau Sidziwa Maliro

Mukafika pa malire a Mwanza, pamene mathiraki amayambira kundanda, muona khonde la sitolo yakale ya njerwa zofiira. Wopalasa makina osokera pakhondepo ndine, dzina langa Leston. Pambali panga pamakhala bambo wowonda wa imvi za m'mbali, atayala timakava ta mafoni ndi zingwe zotchajira pa katoni. Ameneyo ndi Nicolau. Anthu amangomudutsa, ena osamupatsa ndi moni womwe. Ine zimandiwawa, chifukwa pa malire pano sipanakhalepo munthu wodziwa nyimbo ngati iyeyu.

Nicolau anabwera kuno ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki pamodzi ndi mayi ake. Nkhondo itatha anzake anakwera malole kubwerera ku Tete, koma iye anatsala. Mayi ake anali atagona kale m'manda a kuno, ndipo kutsidyako kunalibe womudziwa. Kunonso analibe munda ngakhale wa mizere iwiri. Chimene anali nacho ndi makutu basi.

Chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, iye anayamba kugulitsa makaseti pa tebulo. Dalaivala akamatsika m'thiraki, Nicolau ankangoyang'ana nambala ya galimoto ndi kayendedwe ka munthuyo, n'kudziwiratu kaseti yoti amuikire. Wochokera ku Harare ankamuikira sungura, wa ku Beira pasada, wathu wotopa amene wagona masiku anayi akudikira mapepala ankamuikira kwaya, mpaka munthu wamkulu n'kumapukuta m'maso. Makaseti atatha anaphunzira kompyuta yekha n'kumawotcha ma CD. Ma CD atatha anayamba kuthira nyimbo m'timamemore. Kenaka anthu anayamba kungotumizirana nyimbo m'mafoni, ndipo tebulo lake linangoti zii. Mkazi wake Malita anapirira chaka chimodzi, chachiwiri ananyamula ana n'kubwerera kwawo kwa Kanduku. Sindimunena, anali ndi pakamwa patatu poti adyetse.

Amene anamutola ndi a Vincent, eni ake a resitihausi yoyang'anizana ndi khonde langa. A Vincent anali munthu wa mimba yake, wokonda kuseka, ndipo rumba ikalira ankavina ngakhale atanyamula mbale ya kasitomala. Vuto lawo linali lakuti atsikana operekera zakudya ankalumikiza mafoni awo ku ampu, makina okuzira mawu aja, nyimbo n'kumaduka nthawi iliyonse foni ikaitana. Tsiku lina chipinda chonse chodyera chinamva bwenzi la mtsikana wina likupepesa pa sipika, madalaivala mpaka kuombera m'manja. Tsiku lomwelo a Vincent anawoloka msewu.

"Nicolau, ndikufuna nyimbo zizingolira zokha, chapansipansi, anthu azidya mwamtendere," anatero. "Zisamaduke, zisamazime. Ukandichitira zimenezo, chipinda cha kuseri chija ndi chako, chakudyanso uzidya konkuja."

Nicolau anagwira dzanja lawo ndi manja awiri. "Obrigado, patarau," anathokoza bwana wakeyo m'Chipwitikizi. "Sizidzazima."

Akazi awo a Vincent, mayi Esime, sanakondwe nazo. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena pakhonde kuti, "Bambo, zoona tizisunga munthu wamkulu ndi ndevu zake chifukwa cha wailesi?" A Vincent anangoseka. Koma Nicolau anamva, ndipo anadziwa kuti chipindacho chili m'manja mwa nyimbozo. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu, wopanda munda, wopanda kwawo, anali atapeza chitseko chake choti azitseka yekha.

Anatola kompyuta yakale imene ofesi ina ya maejenti okonza mapepala a katundu inataya, n'kuichotsa fumbi ndi burashi yopentera. Anafufuta zonse zinali m'menemo n'kuikamo kapulogalamu kamodzi kokha. Ankakatcha seva. Ine ndinafunsa kuti seva n'chiyani, iye n'kundiuza kuti ndi wantchito wosaoneka: safuna sikirini, safuna munthu womudina, amangogwira ntchito yake kuseri anthu osadziwa n'komwe kuti alipo. Ndinamuseka kuti ndiye wadzipangira mnzake wofanana naye.

Ntchitoyo inamudya masabata atatu. Anayamba wauza sevayo malo amene nyimbo zikukhala, n'kuzisanja m'magulu. Masiku atatu oyamba kompyuta inkaonetsa kuti ikuimba, koma m'masipika munali chete. Mayi Esime ankadutsa n'kumati, "Zikukoma nyimbo zanuzo, a injiniya." Nicolau anaonda nazo, mpaka anatulukira kuti makinawo akutumiza mawu ku bowo lolakwika, osati la waya wopita ku ampu. Anasintha mzere umodzi wokha, kwaya n'kutulukira m'chipinda chodyera, ndipo anathamanga kudzandiuza ngati wabadwitsa mwana. Atatero anakhala pansi kumvetsera nyimbo imodziimodzi, zoposa zikwi zitatu, kuti pasakhale ina yokuwa kuposa inzake. Kenaka anaipatsa ndondomeko ya maola. Sikisi koloko m'mawa nyimbo zauzimu, masana zoziziritsa mtima, madzulo pasada. Loweruka 2 koloko masana inali nthawi ya a Vincent: rumba yokhayokha, voliyumu m'mwamba, ndi sipika yaikulu ya pakhonde yoitanira madalaivala.

Panatsala chinthu chimodzi. Magetsi akazima n'kubweranso, kompyuta inkangokhala duu kudikira munthu woti adine batani. Tsiku lina zinachitika Nicolau ali ku boma, resitihausi n'kukhala chete masana onse, ndipo mayi Esime sanalephere kuwakumbutsa amuna awo. Nicolau atamva anafufuza mpaka anapeza pamene amaiuzira kompyuta kuti magetsi akangofika izidzuka yokha, iyang'ane nthawi, n'kuyamba gulu la nyimbo la ola limenelo. Kuti atsikana aja asamaigwire, anaitsekera m'kabati pamodzi ndi ampu, kiyi n'kumangirira m'khosi. Akafuna kusintha kanthu ankangogwiritsa foni yake ali pafupi ndi nyumbayo.

"Nanga tsiku lina mukadzafuna kuti ikhale chete?" ndinamufunsa.

"Chete wa chiyani, achimwene? Patarau anati isamazime."

Zaka ziwiri zinadutsa bwinobwino. Nicolau ananenepako, anagula nsapato, anayamba kupita kwa Kanduku kukaona ana atanyamula shuga. Ankanena zoti Malita mwina abwerera. Ine ndinkangovomera, ngakhale mumtima ndinkakayika.

M'mwezi wa Febuluwale, Lachitatu, mvula ya mphepo inagwetsa mtengo pa mawaya, dera lathu lonse n'kukhala lopanda magetsi. Lachinayi m'mawa a Vincent anagwa akutsuka m'kamwa, ndipo pofika nawo ku chipatala anali atatisiya. Mayi Esime anatulutsa alendo onse, anakhoma zitseko za resitihausi, makiyi n'kumanga pa nsonga ya chitenje, ulendo ku siwa. Kwathu kuno maliro akagwa, choyamba n'kuzimitsa wailesi, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Koma uzimitsa bwanji chinthu chimene chili kale chete? Palibe anaganizako. Nicolau yemwe, amene ankadziwa makinawo kuposa mwana wake, mutu wake unali pa munthu yekhayo amene anamuyesa munthu. Analira mosabisa, ndipo Loweruka m'mawa anapita kukathandiza adzukulu kukumba manda.

Mwambo wa ku tchalitchi unatha cha m'ma 2 koloko. Akubanja anapempha kuti bokosi liime pang'ono kutsogolo kwa resitihausi, malemu atsanzike malo awo. Pamsewu anali atayala masamba. Apanjinga anatsika, madalaivala anazimitsa mainjini n'kuvula zipewa, osintha ndalama omwe anabisa mitolo yawo n'kuima mwaulemu. Sindinaonepo malire a Mwanza ali chete chotero. Nicolau anali kutsogolo kumanzere, bokosi lili paphewa. Abusa anakweza dzanja n'kuyamba pemphero.

Pamenepo getsi la pakhonde la resitihausi linayaka.

Ine ndinaliona, ndipo nditatembenuka ndinapeza Nicolau nayenso akuliyang'ana. Nkhope yake inachita kutuwa. Ankadziwa kuti kompyuta imatenga mphindi ziwiri kuti idzuke, ankadziwanso tsiku ndi ola. Koma munthu sasiya bokosi asanamulandire mnzake, ndipo palibe amalandira bokosi pemphero lili m'kati. Ndinamumva akunong'ona, "Ndilandireni, chonde ndilandireni." Amene anali kumbuyo kwake anamugunda ndi chigongono kuti akhale chete. Ine ndinali chapafupi, pakati pa anthu otsinzina, ndipo ndivomere kuti sindinapite kukamulandira. Mpaka lero ndimadzida nazo.

Abusa asanafike pa ameni, sipika ya pakhonde inaphulika ndi rumba, ija ya magitala othamanga imene a Vincent ankavina atanyamula mbale. Amayi a kwaya anakuwa. Dalaivala wina woledzera anaseka, kuseka kwake n'kumveka msewu wonse. Mayi Esime anagwa pansi ngati thumba. Wina atamulandira bokosi, Nicolau anathamangira ku chitseko, n'kupeza chokhoma. Anatulutsa foni, koma inali itatha moto kuyambira Lachinayi. Anayamba kumenya chitsekocho ndi phewa lomwe lija linanyamula bokosi, kiyi wa kabati akulendewera m'khosi wopanda ntchito. A Yakobe, achimwene awo a malemu, anatola mwala n'kuphwanya sipika ya pakhonde. Koma masipika a m'kati anapitiriza, ndipo tinanyamuka ndi maliro rumba ikutiperekeza mpaka pokhota.

Pofika kumanda nkhani inali itamera kale miyendo. Ena ankati wachita dala chifukwa ankadana ndi mayi Esime. Ena ankati anthu a kutsidya maliro amavina. Zaka zoposa makumi atatu akukhala nafe, akukumba nafe manda, tsiku limenelo anasanduka "wa ku Mozambiki uja". Anthu a pano ndimawadziwa, ndimawasokera zovala, koma tsiku limenelo ndinachita nawo manyazi.

Patatha sabata akubanja anamuitana Nicolau m'chipinda chodyera. Anandipempha kuti ndimuperekeze. Mayi Esime anakhala pa mpando atavala zakuda, a Yakobe ali pambali pawo. Nicolau anagwada pa simenti n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuti sanakhudze kanthu, kuti makinawo anangochita zimene anauzidwa kalekale. Ankaganiza kuti akamvetsa amukhululukira.

Mayi Esime anamvetsera mpaka anamaliza. Kenaka anafunsa ndi mawu otsika, "Ndiye mukuti imaimba yokha, inu mulibe?"

"Eya, mayi."

"Magetsi akazima n'kuyakanso?"

"Imadzuka yokha, mayi."

"Sifuna kuti munthu aziiyang'anira?"

Ndinafuna kumuponda phazi, koma anali atayankha kale, ndipo m'mawu mwake munali kakunyadira pang'ono. "Olo pang'ono, mayi. Ndinaikonza kuti isamavutitse munthu."

"Chabwino. Mundionetse pozimitsira, kenaka musiye kiyi wa kabati ndi wa chipinda patebulopo."

Sanakalipe, sanamutukwane. A Yakobe anangoyang'ana kudenga. Nicolau anavula chingwe cha m'khosi, anawaonetsa swichi ya pakhoma kuseri kwa kabati, n'kukatenga chikwama chake ndi nsapato zija. Kwa Kanduku nkhani inali itafika kale, ndipo Malita anatumiza uthenga woti asavutike n'kubwera.

Tsopano papita zaka zitatu. Amagona m'kachipinda kanga kosungira nsalu, pa mphasa, miyendo itapindika chifukwa malo ndi ochepa. Ntchito ya nyimbo palibe angamupatse. Kukakhala ukwati anthu amati, "Musatenge uja woimbira maliro rumba." A Yakobe anagula sipika ina ya pakhonde, ndipo mayi Esime sanasinthe nyimbo ngakhale imodzi, poti madalaivala anazizolowera. Maliro akamadutsa amatuma mtsikana kukazimitsa pakhoma, akadutsa n'kuyatsanso.

Chiyembekezo chimene Nicolau watsala nacho n'chimodzi, ndipo anandiuza yekha akuyang'ana pansi: kuti tsiku lina kompyutayo idzawonongeka, ndipo poti palibe wina amene amaidziwa, adzabwera kudzamuitana. Ndinamufunsa kuti ingawonongeke liti. Anati anaichotsa zonse zimene zimatopetsa makina, anaiikira kotchinga fumbi, ndipo mwina ikhoza kutha zaka khumi. Anatero akutsokomola, chifuwa chimene chamugwira kuyambira chaka chatha.

M'mawa uliwonse timatsegula khonde isanakwane sikisi. Iye amayala katoni yake, kenaka amaima chilili, kava ya foni ili m'manja, khutu atalozetsa kutsidya kwa msewu. Ndimadziwa chimene akudikira, ndipo nanenso ndimasiya kupalasa makina. Timamvetsera tonse awiri, mwina lero kukhala chete.

Sikisi koloko ikangokwana, kwaya imayamba, chapansipansi, pa mlingo womwe uja anauika ndi makutu ake.

"Yadzuka," amatero Nicolau, n'kukhala pansi.