Letsani nsungwi, nsaluyo isiyeni

Lamulungu lapitali ndinapita kukaonera mpira. Amene mumandidziwa musaseke. Ine mpira sindiudziwa, ndipo sindinapite kukauphunzira. Ndinapita kukaona mnyamata amene akufuna kukwatira mdzukulu wanga Felesiya.

Mnyamatayo dzina lake ndi Jafali, kwawo ndi ku Nayuchi, ndipo ndi goloboyi wa timu ya kumeneko. Anabwerapo kwathu kuno ku Nkaya kudzaonekera, malaya osita bwino, maso pansi, mawu ngati a munthu wodwala malungo. Ine zimenezo sizindinyenga. Mwamuna aliyense amatha kukhala pampando mwaulemu akamafuna mkazi. Ngakhale malemu amuna anga anatha. Munthu ndimafuna ndimuone atatopa, atakwiya, anthu akumunyoza. Pamenepo m'pamene ndimadziwa zimene mwana wathu azikaona m'nyumba chitseko chikatsekedwa.

Koma mawu omaliza pa ukwati wa Felesiya sali ndi ine. Ali ndi amalume ake, mwana wanga Bonifasi, ndipo iyeyo anali ataumitsa kale khosi. Osati chifukwa cha chipembedzo, iyayi. Kubanja kwathu ena amapita kutchalitchi, ena kumzikiti, maliro timalira limodzi. Chimene chinamuvuta Bonifasi n'chakuti mayi ake a Jafali anabadwira ku Mozambiki. Akuti anthu a m'malire kwawo sikudziwika, tsiku lina adzatenga mwana wathu n'kudutsa naye, ife n'kumangomva mphekesera kwa anthu apasitima. Akuchimuna anatuma uthenga wopempha tsiku la chinkhoswe, iye osayankha. Felesiya anayamba kusiya chakudya m'mbale.

Ndiye timu ya Jafali inabwera kudzasewera ndi ya kwathu, pa chikho cha matimu a m'mbali mwa njanji.

Tikunyamuka pakhomo, ndinaona Bonifasi akutuluka ndi mbendera ya dziko lathu, yaikulu ndithu, ataimangirira kunsungwi yaitali. Inu mukanayang'ana nsalu. Ine ndinayang'ana nsungwi. Kumunsi kwake inali yosemedwa, yosongoka ngati chokumbira chinangwa. Nditamufunsa anati wasema kuti aziizika pansi mkono ukatopa. Mwina ankanena zoona. Koma ndi mwana wanga, ndinamulera ndekha, n'chifukwa chake sindinamukhulupirire.

Ndinadikira tifike pagulu. Pafupi ndi bwalo, pomwe panali azimayi ogulitsa zitumbuwa ndi mizimbe, ndinayamba kutsimphina. Ndinati bondo landigwira, andipatse mtengowo ndiyendere. Munthu wa imvi zake angamane mayi ake ndodo anthu akuona? Anamasula mbendera akung'ung'udza n'kundipatsa nsungwiyo.

Bondo langa lili bwinobwino, musadandaule.

Tsono mbendera yopanda mtengo siima yokha. Imafuna manja. Bonifasi anaitana anzake amene amasewera nawo bawo pamsika, aliyense n'kugwira ngodya yake, ndipo anakaima kuseri kwa golo ya Jafali. Ine ndinakhala pachulu chapafupi, pamalo poti ndiziona golo komanso njira yothawira. Pambali panga panali mayi wina wa mpango woyera, atafungatira chigubu cha madzi, osalankhula ndi munthu. Ndinamudziwa. Anali Abiti Ajusa, mayi ake a Jafali. Ndinali nditafufuza kale kwa ogulitsa nsomba amene amatsika sitima kuno, mpaka anandifotokozera chipsera cha pachipumi pake. Sindinadziulule. Bonifasi sankamudziwa.

Wezulo atangolira, zinayamba. Jafali akangogwira mpira, iwo kugwedeza mbendera. Wina kumufunsa ngati wabwera ndi pasipoti. Wina kumuuza kuti afulumire, sitima yakwawo imusiya. Bonifasi, mwana amene ndinamuphunzitsa kupereka moni ndi manja awiri, ankakuwa kuti pano ndi pa Malawi, obwera abwerere kwawo. Anyamata ankaseka. Ine ndinkayang'ana msana wa Jafali.

Sindikunamizani kuti ndi mngelo. Anakalipira mnzake wotchinga kumbuyo ndi mawu oti sindingawalembe pano. Nthawi ina anamenya theche mtengo wa golo mpaka unagwedezeka. Koma sanatembenuke kuyankha akuluakulu aja. Mpira utadutsa n'kukaima pamapazi pa Bonifasi, anabwera kudzautenga yekha. Anawerama pang'ono, anati zikomo amalume, n'kubwerera. Nsagwada zake zinkanjenjemera. Ndinaziona, ndipo ndinazikonda kuposa malaya osita aja. Munthu wosakwiya ndimamuopa. Wokwiya n'kudzigwira ndi amene ndinabwera kudzafuna.

Kenako timu ya kwathu inagoletsa.

Mukudziwa mmene zimakhalira kumabwalo athu akumudzi. Chigoli chikalowa aliyense amathamangira m'bwalo, ana, azimayi akukupiza zitenje, ngakhale agalu. Anzake a Bonifasi aja anataya ngodya zawo n'kulowa m'chigulumo. Iye sathamanga, thupi linamukana kalekale. Anatsala yekha atagwira ngodya imodzi, nsalu yonse ikukwekwereka m'fumbi, ana akuipondaponda.

Abiti Ajusa anaika chigubu pansi. Anatsika pachulu, anathamangitsa anawo, anatola mbali inayo, anaikutumula fumbi n'kuitambasula. Bonifasi anathokoza osamuyang'ana n'komwe, poganiza kuti ndi mayi wa kwathu konkuno. Anzake aja sanabwerere, anapitirira ndi ng'oma mbali ina ya bwalo. Mpira utayambanso, Bonifasi anayambanso kumukuwiza Jafali.

"Bwerera kwanu, iwe!"

"Kwawo ndi kunyumba kwanga, bambo," anatero mayiyo, mawu ake osakweza. "Ndine mayi ake. Kokani mbali yanuyo, ikukhudza pansi."

Ndakhala zaka zambiri ndikuona Bonifasi akupanikizika, koma osati chonchi. Taganizani inuyo. Akataya nsaluyo, mbendera ya dziko igwera m'fumbi, ndipo woigwira atsala mayi yemwe uja wamunena kuti ndi wobwera. Akailanda, ndiye kuti akulimbana ndi mzimayi anthu akuona, mayi ake omubereka ali pachulu ndi nsungwi yosongoka. Anakoka mbali yakeyo.

Anaima choncho anthu awiriwo, wina uku wina uku, ngati akuyanika chinsalu chapabedi. Patapita kanthawi ndinamva mayiyo akumuuza, maso ali kumpira, kuti anabwera kuno ali mtsikana, nthawi ya nkhondo ya kwawo, ana ake onse anabadwira kuno, ndipo amuna ake anawaika m'manda a mbali ino ya malire. Sanadandaule. Ankanena ngati akufotokoza kumene anagula mpango. Atapuma osewera n'kusinthana magolo, ndinaganiza kuti Bonifasi apeza pothawira. Iyayi. Mayiyo anapita kukapereka madzi kwa mwana wake, iye anapinda nsalu n'kudikira, ndipo atabwerako anamupatsanso ngodya yake.

Chakumapeto a ku Nayuchi anabweza chigoli. Abiti Ajusa analumpha, nthungululu pakamwa, n'kuthamangira m'bwalo mbendera ili m'manja. Bonifasi, pokana kuitaya, anakokedwa nayo. Nkaya yense anaona mwana wanga akuthamanga, mimba patsogolo, akukondwerera chigoli cha alendo. Anzake apabawo sadzamulola kuti aiwale mpaka kalekale.

Mpira utatha, mkulu wina wa komiti yoyendetsa chikhochi analengeza kuti akuganiza zoletsa mbendera za mayiko pamasewero awo onse. Anati kumabwalo ena zayambitsapo ndewu, ndipo timu ya m'mudzi si dziko. Pawailesinso ndamva anthu akukangana nkhani yomweyi, yokhudza matimu akuluakulu a m'tauni ndi akunja. Ndiye poti aliyense akunenapo, nanenso ndinenepo, ine amene ndinapita kumpira kamodzi.

Akomitiwo sakulakwa kwenikweni. Tiyeni tinene zoona: pamene Nkaya ikusewera ndi Nayuchi, mbendera ya Malawi ikudzatani? Onse ndi ana athu. Wobweretsa mbendera pamalo oterowo nthawi zambiri sakunyadira dziko. Akuuza mnzake kuti iwe si wathu. Bonifasi sanainyamule chifukwa chokonda Malawi. Pa tsiku lokumbukira ufulu imakhala m'sutikesi, iye ali kubawo. Anaitulutsa kuti alase nayo mwana wa eni ake. Ndipo kuno kwathu mawu akuti wobwera ndi oopsa kuwaseweretsa. Ndani wa ife angalumbire kuti agogo ake sanachokere kwina? Amayi anga ankapemphera m'Chichewa koma akapsa mtima ankatukwana m'Chilomwe, ndipo sanaphunzire Chilomwecho ku Balaka.

Komabe ndikuti musaletse.

Mukaletsa nsalu, mwaletsa chiyani? Chipongwe chija sichinatuluke m'nsalu, chinatuluka m'kamwa. Mukanamulanda Bonifasi mbendera pachipata, akanalowa ndi pakamwa pake pomwepo, ndiponso ndi mkwiyo watsopano woti amulanda dziko lake chifukwa cha alendo. Ine anthu ndimawadziwa. Ukawaletsa chinthu, amachibisa m'malaya. Mawa adzabwera atavala mitundu yomweyo, chipewa chakuda, malaya ofiira. Nanga azimayi a zitenje zojambula dzuwa lija, mudzawavula pachipata? Ndani adzachite zimenezo? Ndikufuna ndimuone.

Ndiponso sindikhulupirira amene adzaime pachipatapo. Lero alanda mbendera ya mlendo, ya msuweni wake aisiya idutse. Lamulo lotere limathera m'manja mwa munthu wokondera, ndipo ndewu imene mumaiopa idzayambira pachipata pomwepo mpira usanayambe.

Letsani nsungwi. Letsani mtengo uliwonse, chitsulo chilichonse, paipi iliyonse yomangirirapo nsalu. Chimenecho n'chosavuta kuchiona, sichifuna kufunsa munthu kwawo, ndipo ndi chimene chimang'amba mutu zinthu zikavuta. Nsalu sinagonekepo munthu m'chipatala.

Koma pali chinanso chimene sindinkachidziwa pamene ndinkanamizira bondo. Ine ndinkangoteteza mutu wa mwana wa eni. Mbendera ikakhala pamtengo, munthu mmodzi amaikweza yekha pamwamba pa anzake, n'kumaloza nayo amene akumuda. Ikachoka pamtengo, yekha sangaithe. Ayenera kupempha wina agwire mbali inayo, ndipo sasankha nthawi zonse amene agwire. Anzako ofuula nawo amathawa chigoli chikalowa. Amene amatola ngodya yagwayo mwina ndi yemwe umamunyoza uja. Ndipo n'kovuta kutukwana munthu amene mwagwirizira naye nsalu imodzi.

Wina andifunsa kuti nanga abale a kutsidya akabwera ndi mbendera ya kwawo? Abwere nayo, yopanda mtengo. Amabwera kale kumaliro athu, kumisika yathu, kuzinkhoswe zathu. Kodi ndidzakhala mtima uli m'malo tsiku limenelo? Iyayi. Ndidzakhalanso pachulu, pafupi ndi njira yothawira. Sindikulonjeza kuti bwalo lililonse lidzakhala ndi Abiti Ajusa wake. Ena adzanyozabe, ndipo onyozawo woyimbira mpira ndi akomiti aziwatulutsa, mbendera ali nayo kapena alibe. Koma ndaona ndi maso angawa kuti anthu athu, ukawachotsera chomenyera, nthawi zina amachita manyazi asanachite zoipa. Kwa ine, amene sindiyembekezera zambiri kwa munthu, zimenezo si zochepa.

Pobwerera kunyumba Bonifasi anali patsogolo. Mbendera anaipinda n'kuikwapatira, ine kumbuyo ndi ndodo yanga, ndikutsimphina ndikakumbukira. Nsungwiyo ndinachirikizira chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba.

Lachinayi m'mawa anabwera. Anakhala pakhonde, anafunsa za bondo. Ndinati likuchira. Anafunsa za mbuzi, anafunsa za mvula, zinthu zoti sanazifunsepo chibadwire. Felesiya ankasesa pabwalo, malo amodzimodzi, mpaka pansi panayamba kukumbika. Kenako Bonifasi anati watuma mawu ku Nayuchi kuti akuchimuna abwere mwezi ukubwerawu.

"Ndiye nsungwi ija, amayi, ilipo? Tikusonkhanitsa mitengo ya chisakasa cha alendo."

Tsache linagwa. Felesiya anathawira kukhitchini, ndipo masana ake anamaliza mbale yonse.

Ndinamuuza Bonifasi kuti nsungwiyo ilipo, ndipo ndidzabwera nayo ndekha tsiku lomanga chisakasalo. Ndidzaimirira pomwepo mpaka mbali yosongokayo italowa m'dothi.