Nthochi za pa Manda a Amalume

Kumanda kwathu, ku Molumbo, kuli nthochi. Mlendo akaziona amayesa kuti wina anasowa munda n'kuyamba kulima pakati pa akufa. Ayi ndithu. Nthochizo ndi amalume anga, achimwene awo a amayi, amene anali msilikali.

Usilikaliwo sanachite kuufunsira. Nkhondo itayamba kumveka pafupi, amayi anawatuma ku vila, kutauni ya Milange, kukagula mchere, chifukwa pakhomo tinali titatopa ndi ndiwo zosakoma. Amalume anali munthu wamtali, woti polowa m'nyumba iliyonse ankawerama ngati akupepesa. Ananyamuka m'mawa pa njinga yawo atamanga thumba la nyemba kumbuyo. Pamsika panafika lole ya asilikali a boma, n'kuyamba kutola anyamata ooneka amphamvu. Anzawo anabisala kuseri kwa madengu ndi matumba, koma amalume dengu lowabisa linasowa. Njinga inabwera ndi munthu wina wa m'mudzi mwathu, akuchita kuikankha chifukwa miyendo yake sinkafika pa mapedalo. Mchere sunabwere.

Kubanja la amayi zimenezi si zachilendo. Agogo awo aamuna anatengedwa kukasenza katundu pa nkhondo ya Ajeremani, ndipo akuti tsikulo ankapita kukatchera mbewa. Nawonso sanabwerere. Amuna a kwathu amapita kunkhondo atatumidwa zina.

Kenako nafenso tinathawa. Tinawoloka kupita ku Malawi, tikukhala mu msasa wa othawa nkhondo kufupi ndi phiri la Mulanje, ine, mlongo wanga, makolo athu ndi akazi awo a amalume. Ndinalowa mu msasamo ndili mnyamata, ndinatulukamo ndili ndi ndevu. Zaka zonsezo amayi anali ndi ntchito imodzi yomwe sankaiphonya. Akamva kuti kwafika anthu atsopano, ankasiya chilichonse n'kupita kukawafunsa ngati anaonapo msilikali wamtali kwambiri wa ku Molumbo. Anthuwo ankakhala atayenda m'tchire ndi njala, mapazi atatupa, ndipo asilikali amene anawaona sanawayeze msinkhu. Amayi ankathokoza n'kubwerera. Chomwe chinkandikwiyitsa ine n'chakuti tsiku lolandira chakudya, mchere ukagawidwa, iwo ankadya mochepa.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Tinapeza udzu wotalika kuposa munthu, nyumba zitapsa, ndipo pamalo pomwe panali khonde lathu patamera mtengo. Tinkayenda m'njira zokhazo zomwe ena adutsamo kale, kuopa mabomba okwirira. Asilikali anayamba kubwera m'midzi, wina ndi khasu lomwe anapatsidwa potula mfuti, wina ndi ndodo yoyendera. Amayi ankakhala panja kuyang'ana kunjira.

Amene anabweretsa uthenga anali munthu wa ku Mongue, wowonda, wosamva khutu limodzi. Anakhala pa mpando, anamwa madzi, n'kunena kuti anali gulu limodzi ndi amalume.

"Anamwalira powoloka mtsinje, kutali uko, mbali ya ku Mocuba," anatero munthuyo. "Tropa yathu, asilikali anzathu, inagwa yambiri tsiku limenelo, amayi."

"Munawaika?" amayi anafunsa.

"Tinalibe nthawi."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti anali iwo?"

"Analipo wina wamtali choncho?"

Amayi sanalire pamenepo. Anamuphikira munthuyo mbatata, n'kumuperekeza mpaka kunjira. Analira atabwerako, ndipo ine ndinatuluka m'nyumba chifukwa sindinathe kumvetsera.

Kwathu munthu akafera kutali, mtembo wake osapezeka, maliro amachitikabe. Amadula thunthu la nthochi, kulikulunga mu nsalu ndi mphasa, n'kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Popanda zimenezo mzimu wake umangoyendayenda, abale sameta, ndipo mkazi wamasiye samasulidwa. Akazi a amalume anali atadikira zaka zonse za mu msasa osadziwa kuti ndi mkazi wa munthu kapena wamasiye. Choncho akuluakulu anagwirizana tsiku, ndipo ntchito yopeza nthochi inagwera abambo, pakuti mkamwini ndiye amatumidwa zotere.

Vuto linali lakuti nthochi za m'mudzi zinali zitapsa ndi moto wa m'tchire, zongophukira kumene. Abambo anadula thunthu lomwe linali lalikulupo n'kubwera nalo paphewa. Amayi analiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati nthochi ili ndi mutu ndi mapazi.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa.

"Ndi alamu," abambo anayankha.

"Achimwene anga sanali ofupika chonchi. Kabwezeni."

Abambo sankakonda mikangano. Anabwerera kudimba, n'kupeza nthochi ina yotalikirapo pang'ono, koma nayonso inali yoperewera. Ndiye anaganiza nzeru. M'malo moidula, anaikumba yonse pamodzi ndi chitsa chake chapansi, anasadza mizu, n'kuikulunga okha anthu asanaone. Chitsacho chinawonjezera msinkhu, ndipo mkati mwa nsalu chinkaoneka ngati mutu. Amayi anayeza ndi maso n'kuvomera kuti tsopano afanana.

Adzukulu okumba manda nawo sanadzivutitse. Inali nyengo ya dzuwa, nthaka ili gwa, ndipo aliyense ankaopa kuti khasu lingagunde chitsulo chosadziwika. Anakumba kufika m'mawondo n'kunena kuti palibe fisi angafukule nthochi. Tinaimba nyimbo za kutchalitchi, mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo amayi anathira dothi. Patapita masiku tinameta. Akazi a amalume anamasulidwa, ndipo chaka chotsatira anakwatiwa ku Majaua ndi munthu wamfupi woweta nkhumba. Sindikuwadzudzula, anali atadikira mokwanira.

Mvula itagwa, pamanda a amalume panatuluka kamphukira kobiriwira.

Anthu anayankhula zambiri. Ena ankati amalume akukana kuti sanafe. Ena ankati akudandaula kuti manda ndi osaya. Mkulu wa mpingo anati tisamakhulupirire zachikunja, koma kumandako anayamba kudutsa patali. Patapita sabata yathunthu, abambo anaulula za chitsa chija tikudya. Mlongo wanga anatsamwa ndi kuseka. Ine ndinkadikira kuti amayi akalipa, koma anangofunsa kuti inali nthochi yamtundu wanji. Abambo anati sukari. Amayi anati achimwene awo ankaikonda.

Panalibe amene analimba mtima kuizula. Nthochiyo inakula, inabereka, inagwa, ana ake anaphuka m'mbali. Za kumanda sizidyedwa, choncho mikoko yonse inkapita kwa apusi ndi mbalame, ndipo apusi a kumanda kwathu ndi onenepa kuposa a kwina kulikonse. Chaka chilichonse, pa nthawi yolambula kumanda, anthu ena ankapalira udzu pa mitumbira ya abale awo, amayi ankasadza masamba ouma ndi kuikira mphanda mkoko wolemera kuti usagwe. Ndinawamvapo akuyankhula pamenepo, motsitsa, nkhani wamba za mvula ndi za amene wabadwa. Kunena zoona zinkandipweteka, chifukwa ndinkadziwa kuti pansipo palibe amene akumva, ndipo ndinkadziwa kuti iwonso akudziwa.

Zaka zinapita. Abambo anamwalira n'kukaikidwa kwawo. Ine ndinasamukira ku vila, kumene ndimagula ndi kugulitsa nandolo. Masiku ano aliyense amene wapeza kangachepe amamangira abale ake chiliza cha simenti, ndipo kumanda kwathu ziliza zinayamba kumera ngati nyumba za m'tauni. Eni manda oyandikana ndi amalume anayamba kudandaula kuti nthochi zathu zikulowerera kwa abale awo. Anali ndi mfundo. Nthochi imayenda. Mayi akagwa, mwana amaphukira pambali, mwana wa mwanayo pambali pakenso, ndipo amalume anali atafalikira malo okwana nyumba ya zipinda ziwiri.

Ndinaganiza kuti yafika nthawi yoti munthu amene anafera kunkhondo akhale ndi chiliza ngati anzake. Ndinauza amayi, amene panthawiyo anali akuyendera ndodo. Sanakane. Ndinakweza simenti pa njinga zamoto kuchokera ku vila, msewu wake uja woti ukafika umayamba wawerenga mano, ndipo ndinapeza mmisiri, mnyamata wobadwa nkhondo itatha. Tinapita kumanda m'mawa, ine, amayi ndi mmisiriyo.

Mmisiri anazungulira nthochi zija ndi chingwe chake choyezera.

"Kumutu ndi kuti?" anafunsa.

Ndinaloza pakati. Amayi analoza cha kumadzulo. Kenako anatsitsa dzanja n'kulozanso kwina. Mtumbira unali utafafanizika kalekale, adzukulu amene anakumba onse anali atagona m'manda omwewo, ndipo abambo, amene akanakumbukira, kunalibe. Tinaima pamenepo ngati anthu amene aiwala pomwe anasiya khasu.

Mmisiri anali ndi ntchito ina masana. Anayang'ana dzuwa n'kunena mwaulemu wake wonse.

"Agogo, musavutike. Ingosankhani paliponse. Si paja akuti pansipa palibe munthu?"

Ndinafuna kumumenya ndi fosholo yake yomwe. Koma mnyamatayo sananame, ndipo amayi sanamukalipire. Anakhala pansi pa masamba ouma, anatambasula miyendo, n'kuyang'ana nthochizo nthawi yaitali.

"Wanena zoona mwanayu," anatero. "Palibe munthu."

"Amayi, tiyeni tingomanga pakatipa," ndinatero ine.

"Ayi. Simenti yako bwerera nayo, ukaisunge pouma. Ndikadzafa mudzandiike pompano, pakati pa nthochizi. Manda amenewa akhala opanda munthu nthawi yaitali."

Simenti ndinaisunga, ngakhale kuti thumba limodzi linauma n'kusanduka mpando wa pakhonde. Amayi anakhalabe ndi moyo nyengo ziwiri za mvula, akudya pang'ono, akukangana ndi nkhuku.

Atamwalira panabuka mlandu womwe ndinkauyembekezera. Akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kufunsana ngati pamalopo pali manda kapena ayi. Ngati ndi manda, safukulidwa. Ngati si manda, ndiye kuti amalume sanaikidwe, ife tinameta pachabe, ndipo mayi uja wa ku Majaua, amene tsopano ali ndi zidzukulu, akadali mkazi wathu. Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu, mtembo uli m'nyumba. Pomaliza mlongo wanga, amene sayankhula pabwalo la amuna, anaimirira chapatali n'kunena kuti amalume, mwini mbumba, akulandira mlongo wake pakhomo pake, ndipo sakuona chimene akuluakulu akuvutikira. Adzukulu anatenga makasu.

Anadula nthochi zapakati zokha. Nthaka inali yofewa ndi yakuda, ndipo ulendo uno anakumba mozama monga mwa mwambo. Ndinaima m'mphepete kuyang'ana dothi lililonse lomwe linkatuluka. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuona. Munalibe nsalu, munalibe mphasa, munali mizu yokhayokha.

Chiliza tinamanga chaka chathachi, chachitali kuposa msinkhu wa amayi, chifukwa ndinauza mmisiri kuti ayeze poganizira anthu awiri. Nthochi za m'mbali zilipobe, ndipo oyandikana nawo akudandaulabe.

Pali mawu amodzi omwe sindinauze akuluakulu aja tsiku la mlandu. Amayi atatsala pang'ono kutisiya, ndinawapatsa phala pa supuni ndipo anakana. Ndinawafunsa ngati akuopa. Anati ayi, ali ndi uthenga wofunika kukapereka, ndipo wachedwa kale. Ndinafunsa kuti uthenga wanji.

"Ndikawauze achimwene kuti mchere uja ausiye," anatero amayi. "Angobwera kunyumba."