Kanyenyezi ka Pahita Yanga

Hita yotenthetsera m'nyumba ija ndinaikonda nditangoiona m'sitolo ku Lanham, tauni yomwe timakhala kuno kutsidya kwa nyanja. Inkayaka psuu ngati makala, kutentha kwake kukufika pakhungu pompopompo. Ndinaigula ngakhale ndinkadziwa kuti amuna anga, a Phiri, salola chipangizo kulowa m'nyumba ngati chilibe kanyenyezi ka boma kosonyeza kuti sichidya magetsi ambiri.

Ndiye ndinamatula kanyenyezi ka pafiriji n'kukamata pahitapo. Kanakhala mopendekeka, kwina katang'ambika.

A Phiri anasangalala kuposa ine! Loweruka anaitana mnzawo wa ku Lusaka, a Tembo, kuti adzaone.

"Koma mahita awa boma siliwapatsa nyenyezi," anatero a Tembo akusuzumira. "Onse amadya malaiti chimodzimodzi."

"Ndiye iyi ndi yoyamba!" anayankha a Phiri akudziguguda pachifuwa. "Akazi anga sagula zinthu mwachisawawa. Amake Chisomo, tawauzani!"

Ndinati ndiwo zikupserera, n'kuthawira kukhitchini. Pachitofu panalibe kanthu, koma ndinakhala komweko ndikugobedeza mapoto mpaka mlendo atatsanzika.

Mpaka lero a Phiri amauza anthu kutchalitchi kuti a Tembo ndi ansanje.